A Matailosi ndi Makhadi Awo

Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense ankangoti a Matailosi, poti kuyambira ali mnyamata ankaika matailosi pa kampani ina yomanga nyumba. Luso anali nalo, zimenezo tisakane. Akakonza bafa, madzi ankalowera okha kudzenje osawakankha ndi tsache. Kampaniyo itatsekedwa, imvi zili mbuu, akazi awo ndi amene anabweretsa nzeru yopangitsa makhadi, timapepala tolemba dzina, ntchito ndi nambala ya foni, kuti omanga nyumba aziwapeza. Mpaka lero mayiwo akakumbukira nzeru yawoyo amadzitukwana chamumtima.

Anapita onse awiri kwa wosindikiza, m'kachipinda kotentha konunkha inki. Wosindikizayo, bambo wamagalasi, analankhula zomveka.

"Khadi labwino silichulutsa zonena, bambo. Dzina, ntchito, nambala yaikulu yoti munthu aiwerenge osatsinzinira. Kwinako tisiye koyera."

"Koyera?" anadabwa a Matailosi. "Ine pansi pa nyumba ya munthu sindisiya malo opanda kanthu, ndiye pa khadi langa ndisiye?"

Anasankha pepala lokhuthala lonyezimira, mzere wagolide kuzungulira m'mbali, ndi chithunzi cha bafa kumbuyo. Wosindikiza anangopukusa mutu n'kudina makina ake. Makhadi anatuluka okongola kuposa a ukwati, ndipo mavuto anayambira pomwepo.

Sabata yoyamba anapatsa khadi bambo wina pa sitolo ya simenti. Asanapite patali anacheuka, n'kuona munthuyo akutokosa nalo m'mano. Atamaliza analiponya m'ngalande. A Matailosi anafika kunyumba atakwiya, chakudya osachikhudza. Kuyambira tsiku limenelo anapeza njira yawoyawo. Munthu akafunsa khadi, ankalitulutsa m'thumba la malaya, kuligwira m'mbali ndi zala ziwiri, kumuonetsa kutsogolo ndi kumbuyo, kenako amvekere, "Lembani nambalayo." Akalemba, khadi linkabwerera m'thumba. Ena onse anali m'bokosi pamwamba pa kabati, atawakulunga m'pulasitiki.

"Abambo, makhadi amenewa mukufuna aikire mazira?" ankafunsa mayi.

"Inu simukudziwa, mayi. Anthu alibe ulemu. Ndipereka kwa munthu woyenera."

Munthu woyenerayo sankapezeka. Uyu nkhope yake si yomanga nyumba, uyo nsapato zake zikuonetsa kuti ndi walendi, winayo amaseka kwambiri. Foni inali zii. Mayi ankaitchaja m'mawa uliwonse, nthawi zina n'kuimbira kuchokera pa foni ya oyandikana nawo kuti aone ngati ikulira ndithu. Inkalira bwinobwino.

Tsiku lina mayi anatopa. Anatapa makhadi m'bokosi muja n'kukagawira amayi anzawo ku saluni. Madzulo bambo ananyamula bokosi n'kumva kuti lapepuka. Sanakalipe ayi. M'mawa mwake anavala jekete n'kuyenda khomo ndi khomo kukawalanda, mwaulemu wonse, uku akupepesa kuti panali kusamvana pang'ono. Mayi anatha mwezi osaponda ku saluni chifukwa cha manyazi.

Koma chimene chinawapweteka kwambiri mayi ndi cha kapitawo wina. Bamboyu ankayang'anira ntchito pa nyumba yosanja imene inkamangidwa kumsewu waukulu, ndipo anabwera yekha pakhomo, atamva mbiri ya dzanja la a Matailosi. Anati abwana ake akufuna munthu woika matailosi nyumba yonseyo, ndiye amupatse khadi akaonetse. Mayi ali kukhitchini anasiya kutsuka mbale n'kutchera khutu. A Matailosi anatulutsa khadi, anayang'ana manja a kapitawo, n'kulibweza.

"Manja anuwo ali ndi simenti, achimwene. Lembani nambalayo."

Kapitawo anafufuza m'matumba, cholembera analibe. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti abweranso. Sanabwerenso. Ntchitoyo inapita kwa wina.

"Mwabweza ntchito ya chaka chathunthu chifukwa cha kapepala!" anakuwa mayi, misozi ili chuchuchu. "Kodi ana adya golide ameneyu?"

"Akanakhala munthu wolongosoka akanasamba m'manja," anayankha bambo, koma maso ali pansi.

Zaka zinapita akudalira maganyu: apa kukonza sitepe, apo kumata matailosi awiri osweka. Mayi anayamba kugulitsa zovala zakaunjika kuti pakhomo pasazime moto. Kenako mawondo a bambo, amene anagwada pa simenti moyo wawo wonse, anatupa mpaka anagonekedwa m'chipatala. Dokotala sanabise mawu. Anati kuyenda aziyenda ndi ndodo, koma zogwada aiwale.

Tsiku lotsatira a Matailosi anapempha mayi kuti abwere ndi bokosi lija. Mayi anaganiza kuti angofuna kuliona. Koma bambo anang'amba pulasitiki n'kuyamba kugawa. Anapatsa anamwino, dokotala, odwala anzawo, odzazonda odwala, ngakhale wokolopa m'wodi, manja ake ali chinyowere.

"Tengani, tengani awiri," ankatero. "Mudziwe kuti amene wagona apayu anali mmisiri."

Mayi anatuluka panja n'kukakhala pabenchi. Sankadziwa ngati alire kapena atukwane.

Atabwerera kunyumba, foni inayamba kulira. Inalira m'mawa, inalira masana. Mlongo wake wa namwino ankamanga nyumba, dokotala ankafuna kusintha khitchini, wina anangoona khadi patebulo kwa mnzake. Bambo sankafuna kuyankha, choncho ntchito youza anthu kuti mmisiri anasiya inagwera mayi.

Masana ena anaimba mayi wina amene ankamaliza nyumba yatsopano. A Matailosi anali pampando, miyendo atasanjika pa kasitulu. Akazi awo atangoyamba kupepesa pa foniyo, bambo anakweza dzanja.

"Tawafunsani, ndi zipinda zingati?"

"Mufunsiranji, abambo?"

"Tangofunsani."

Mayi anafunsa, n'kuwauza kuti ndi nyumba yonse, ndi khonde lomwe. A Matailosi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akusisita bondo.

"Ntchito yabwino imeneyo," anatero. "Auzeni apeze munthu wodziwa."