Mabotolo a Loweruka

Kwawo ankangomutchula kuti Mzime, poti ndiye anatseka mimba ya amayi ake. Abambo ake anamwalira iye asanayambe sukulu. Amayi ake anakalambira m'nyumba za anthu ena, kuchapa, kusita ndi kukolopa, ndipo chimene anatulukamo nacho ndi msana wopweteka komanso chidani chachikulu ndi litsiro. M'nyumba mwawo supuni sinkagona yosatsuka.

Mzime anali ndi mutu. Sukulu anaiyenda osabwereza kalasi mpaka ku koleji, kumene anaphunzira za chilengedwe: madzi, dothi, utsi ndi zinyalala za m'mafakitale. Atamaliza anakhala pakhomo nthawi yaitali, akuyenda m'maofesi mpaka nsapato zinatha zidendene. Kenako kakampani kena ka alangizi a za chilengedwe kanamutenga moyesera. Anamuuza kuti akaonetsa nzeru adzamulemba ntchito yokhazikika.

Ntchito ya alangiziwa ndi iyi. Wina akafuna kumanga fakitale, kapena anthu akadandaula kuti fakitale ikuwononga madzi, amaitana iwo. Amapita pamalopo, kutunga madzi m'mabotolo, kupala dothi, kufunsa anthu, kutumiza zonse ku labu kuti zikayezedwe, n'kulemba lipoti. Akuluakulu amagamula potengera lipotilo. Dzina la ntchito ndi laulemu, koma ntchito yeniyeniyo ndi yolowa m'ngalande.

Ichi ndicho Mzime sanawauze amayi ake. Mayiwo atangomva mawu akuti mlangizi, anauza mzere wonse wa nyumba kuti mwana wawo wapatsidwa ofesi ya mpando wozungulira. Mzime anamva, osawakonza. M'mawa ankatuluka atavala siketi yosita bwino ndi nsapato za gogoda. Jombo, ovolosi ndi magolovesi zinkagona ku ofesi, kuseri kwa chitseko. Madzulo ankakwecha m'manja ndi sopo pa mpopi wa kumeneko asanakwere basi. Amene ananunkhiza kanthu anali mchimwene wake, makaniko.

“Abwana,” ankatero pomuseka, “ofesi yanuyo inayandikana ndi chimbudzi kodi?”

Mzime ankangomuponyera diso, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ofesiyo inali chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya matayala. Munali matebulo atatu, kafuliji ka mabotolo pakona, ndi zenera losatsegulika. Mwini wake anali mkulu wina wadazi amene onse ankamutchula kuti a Chipewa, poti ankachivula popemphera pokha. Sankakalipa. Lamulo lawo linali lakuti pa botolo lililonse pazilembedwa malo, tsiku ndi dzina la wotunga, ndipo botolo lisatenthedwe lisanafike ku labu.

Chaka chimenecho khonsolo inawapatsa ntchito ya kamtsinje kena kumapeto kwa tauni. Kumtunda kunali fakitale yodaya nsalu. Kumunsi kunali madimba a amayi olima masamba ndi tomato. Amayiwo ankadandaula kuti mbewu zikupsa ndipo miyendo yawo ikutuluka zilonda. A fakitale ankakana. Pakati pa sabata madzi ankayenda oyera. Paipi yotayira utoto mumtsinje ankaitsegula Loweruka maofesi atatseka, komanso osati Loweruka lililonse, ndipo pofika Lamlungu utoto unkakhala utapita ndi madzi. Popanda botolo la tsiku limenelo panalibe mlandu.

A Chipewa anapereka ntchitoyo kwa Mzime kuti akhale mayeso ake. Anapitako kangapo n'kubwerako chimanjamanja. Womulandira anali mtsogoleri wa amayiwo, mayi wamtali wosaseka msanga, amene anzake ankamutchula kuti a Tcheya. Pa ntchito imeneyi Mzime ankasiya jombo ndi ovolosi kwa iwowa, n'kumavala akafika.

Loweruka lina masana a Tcheya anaimba foni kuti afulumire, madzi asintha. Anapeza kamtsinje kali psuu ngati motsukira nyama, thovu m'mbali, fungo lolasa m'mphuno. Potsikira panali poterera. A Tcheya anamugwira dzanja akutsika, n'kumalandira botolo lililonse likadzaza, iye akulemba pa timapepala tomata. Amayi ena anasiya makasu n'kuima m'mphepete kuonerera. Mmodzi anati lero mbava yagwidwa ndi thumba paphewa, anzake n'kuseka. Mzime naye anaseka. Anaona ntchito yokhazikika ili m'manja.

Koma labu inali yotseka mpaka Lolemba. A Chipewa anali kutali ndi ntchito ina, makiyi a ofesi ali m'thumba mwawo. Ayezi wa m'bokosi lonyamulira mabotolo anali atasanduka madzi. Atawaimbira, anamuuza kuti akaike mabotolo mu fuliji ya kunyumba kwa amayi ake, ndipo awauze a pakhomo kuti asakhudze. Choyambacho anachita. Anakulunga mabotolo m'jumbo yakuda, n'kuwakankhira kuseri kwa mapoto amayi ake ali kubafa. Chachiwiricho sanachite. Kuwauza kunali kuulula kuti mlangizi wa mpando wozungulira amatunga za m'ngalande ndi manja ake.

Lamlungu m'mawa anapita kukalukitsa tsitsi. Pobwera anapeza fuliji ili yasa, mulibe kanthu, ikununkhira sopo. Mabotolo anali pathebulo, atawazondotsa pa kansalu, akuwala. Timapepala tonse anali atatipala ndi mpeni. Madziwo anali atathiridwa kale m'chimbudzi. Amayi ake anali pakati pokalipira makaniko uja.

“Zamafuta zakozo uzisiya ku galaja. Mu fuliji mwanga mumakhala chakudya cha anthu.”

“Amayi, mafuta anga ine ndi akuda. Zofiirazo afunseni abwanawa.”

Mayiwo anati asanamizire mwana wa mu ofesi, zoterozo angazitenge kuti. Mzime anaima pakhomo, tsitsi latsopano likumukoka pamphumi. Mchimwene wake anamuyang'ana kanthawi, n'kutuluka.

Njira yowongoka inalipo: kuimbira a Chipewa, kumeza mawu awo, kudikira Loweruka lina. Mzime anaopa kuoneka chitsiru pa ntchito yake yoyamba. Anaika mabotolo m'chikwama, kupita kumtsinje, kulambalala madimba kuti amayi aja asamuone, n'kukatunga pansi pa mlatho. Madzi anali atayera. Anadziuza kuti kenakake katsalamobe, labu ikakapeza. Anamata timapepala tatsopano, kulemba tsiku la Loweruka, n'kusaina dzina lake. Lolemba anakasiya yekha mabotolo ku labu a Chipewa asanabwere.

Labu sinapeze kanthu kopitirira muyezo. A Chipewa anawerenga zotsatirazo mofatsa, n'kufunsa ngati mabotolo anagona pozizira. Iye anati inde. Anapempha kuona zithunzi za madzi ofiira zimene Mzime anajambula pa foni yake, anapukusa mutu, n'kunena kuti mwina ndi utoto woopsa m'maso mokha. Chithunzi si umboni, iwo anatero, umboni ndi labu. Lipoti linalembedwa. Masiku amenewo Mzime ankadya ngati wodwala, ndipo amayi ake ankauza anthu kuti ntchito za mu ofesi zimatopetsa mutu.

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya sukulu ya ana, akuluakulu atapinda maondo pa timadesiki. Kutsogolo kunakhala mkulu wa ku khonsolo ndi manijala wa fakitale. Amayi a madimba anadzaza kumbuyo, ena ataima m'mazenera. A Chipewa anauza Mzime kuti awerenge yekha, poti ntchito inali yake. Anaimirira n'kuwerenga. Mawu ake sananjenjemere ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi zinamunyansa. Atafika pakuti madzi alibe vuto, manijala anatsamira khoma n'kupinda manja. Kumbuyo kunamveka kung'ung'udza. Kenako a Tcheya anaimirira.

“Mwananga, ndingofunsa chimodzi. Madzi amene tinatunga limodzi aja, ine nditakugwira dzanja, ndi amene wawerengawo?”

Mzime anayang'ana pepala. “Zotsatira za ku labu ndi zimenezi, amayi.”

“Sindinafunse labu. Ndafunsa iwe.”

Mkulu wa ku khonsolo anayang'ana wotchi, n'kunena kuti akatswiri alankhula, dandaulo latsekedwa. A Tcheya anakhala pansi. Potuluka mayi wina analankhula mokweza kuti ana a masiku ano fakitale imawagula motchipa kuposa tomato wobooka. Mzime anamva. Sanagulidwe. Anagulitsa anthu popanda womupatsa kanthu, ndipo sankadziwa choipa kwambiri ndi chiti.

Mzime anaulula kwa a Chipewa m'galimoto, atangoima kutsogolo kwa shopu ya matayala. Ananena zonse, kuyambira pa jumbo yakuda mpaka pansi pa mlatho. A Chipewa anazimitsa injini, manja ali pa chiwongolero.

“Kutaya madzi si mlandu,” anatero pomaliza. “Inenso ndinagwetsapo bokosi lonse m'matope. Mlandu ndi tsiku limene unalemba pa botolo.”

Anamufunsa chifukwa chimene sanawauzire a pakhomo monga anamulangizira. Iye ananena, maso ali pamaondo. Mkuluyo anayang'ana nsapato zake za gogoda.

“Ndiye jombo zimakuchititsa manyazi? Ana anga onse ndawaphunzitsa ndi jombo.”

Tsiku lomwelo a Chipewa anadziwitsa khonsolo kuti lipoti lija ndi lolakwika, alichotse. Khonsolo inawalanda ntchitoyo, n'kunena kuti kafukufuku wina adikire chaka chamawa. A fakitale anasunga pepala loyamba lija n'kumalionetsa kwa aliyense wofunsa. A Chipewa anauza Mzime kuti atenge zake, ntchito yatha. Panalibe mkwiyo. A Chipewa anangoti sangatumizenso ku labu botolo la dzina lake.

Mzime anawauza amayi ake madzulo amenewo, mchimwene wake ali pomwepo. Mayiwo anamvetsera akupukuta thebulo limene linali loyera kale. Atamaliza anakhala pampando pang'onopang'ono, dzanja lili pamsana.

“Ine ndatsuka zimbudzi za anthu moyo wanga wonse. Ndinakubisirapo?”

Mzime anati ayi.

“Ukanandiuza ndikanatulutsa mapoto anga, mabotolo akowo n'kugona okha.”

Anafunsanso ngati ndi iwo anapsetsa tomato wa anthu. Mzime anati si iwo. Mayiwo sanakhulupirire kwenikweni, ndipo kwa masiku angapo sanatuluke kukacheza ndi anzawo a mu mzere. Makaniko anangoti ndiye iye anatukwanidwa ulele, koma panalibe woseka.

Ntchitoyi ndi ya anthu ochepa, ndipo amadziwana onse. Nkhani inayenda. Kwa zaka Mzime ankagwira maganyu kwa alangizi ena, kunyamula mabokosi, kutsika m'ngalande, wina n'kusaina. Ankachoka pakhomo atavala ovolosi, anthu a mu mzere akuyang'ana pamazenera. Patapita nthawi dzina lake linabwereranso pa lipoti. Lero amadya ndi ntchito yomweyo, alibe ofesi, amalembera pathebulo la kunyumba. Amene amagwira naye amati ndi wovuta, amabweza munthu kumtsinje chifukwa cha kapepala kolembedwa mosasamala. Chifukwa chake sawauza.

Koma zimenezi ndi za pambuyo pake. Sabata yomwe anachotsedwa ntchito panatsala ulendo umodzi umene palibe akanamuyendera. Anapita ku madimba.

Mabedi ambiri a mbewu anali atauma. Amayi ena anali atasiya kulima, n'kuyamba kukaoda masamba kwina. A Tcheya anawapeza akugaula pamene panali tomato. Anawapatsa moni, iwo n'kuyankha osadzutsa mutu. Anafotokoza zonse monga anafotokozera a Chipewa. Khasu silinaime. Pomaliza anati pepani.

“Pepani wakoyo sindingathirire mbewu,” anatero a Tcheya. “Paipi ija tsopano akutsegula tsiku lililonse limene afuna. Pepala lako linawasambitsa.”

Mzime anati ntchito alibe, ndipo botolo la dzina lake palibe angalikhulupirire. Koma katungidwe akudziwa, mabotolo oyenera akudziwa kowapeza, ndi khomo la labu akulidziwa. Ngati amayiwo angalole, akhoza kutunganso, umboni ukhalepo podikira kafukufuku wa chaka chamawa.

A Tcheya anagaula kangapo asanayankhe.

“Utunga iwe. Tsiku ndilemba ine, ndi dzina langa. Botolo likagona kwa mpongozi wanga, ali ndi fuliji mu shopu. Ku labu tipita tonse, nditanyamula ndine. Iwe usakhale nalo wekha ngakhale pokwera basi.”

Mzime anavomera. Anafunsa ngati pali china.

“Anzangawa ukawauze wekha, mmodzimmodzi. Ine sindikunyamulira.”

Anatero n'kubwerera ku khasu lawo. Mzime anayang'ana madimba. Chapafupi panali mayi uja wa mawu a tomato wobooka, ataima ndi ndowa m'manja, akumuyang'ana. Anayambira kwa iyeyo.