Mudzi Umene Unafufutika pa Kompyuta ya ku Nathenje

Masiku ano ndimakonza masamba a pa intaneti, ndipo kawirikawiri timakangana ndi anzanga za tsamba la oyang'anira, lija lobisika kuseri limene anthu a mu ofesi amalowetserapo zinthu. Mkangano umakhala woti tsambalo n'la ndani, ife olikonza kapena iwo oligwiritsa ntchito? Ine funsoli linandipeza kalekale, intaneti ndisanaione n'komwe.

Munali m'zaka zoyambirira za matipate. Mabungwe anali atachuluka, ndipo lina loona za mijigo linandilemba ntchito n'kunditumiza ku Mitundu. Kwathu n'ku Zomba, ku Mitundu sindinkadziwa munthu. Ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale, ndipo Loweruka ndinkangozungulira mumsika osagula kanthu, kuti ndimveko mawu a anthu. Anzanga a mu ofesi ankalawirira kumidzi pa njinga zamoto. Ine ndinkatsala ndi kompyuta.

Ntchito yanga inali yokonza pulogalamu yosunga mbiri ya mijigo yonse. Ndinaikonza monyadira. Ukaitsegula, zonse zinkabwera pamodzi: midzi, mijigo, makomiti, zitsulo zosinthira. Pambali pa chilichonse panali mabatani atatu a m'Chingerezi, lowonjezera, losintha ndi lofufuta. Kwa ine zinali zoyera ngati m'manja.

Kompyuta yachiwiri inali mu kaofesi ka ku Nathenje. Ankaigwiritsa ntchito bambo wina wachikulire amene anapuma pa uphunzitsi, ndipo tonse tinkangowatchula kuti Aphunzitsi. Ntchito yawo inali yolemba madandaulo a anthu amene mijigo yawo yawonongeka. Pulogalamu yangayo inkawasokoneza pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ankanditumizira kakalata kuti ndipite. Ndinkakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina ya ku Nathenje. Vutolo ndinkalithetsa mofulumira, kenako iwo ankatulutsa fulasiki ya tiyi ndi mbatata. Tinkacheza mpaka dzuwa kupendeka. Ankakonda kudabwa mmene anthu ayambira kutchula nkhani za boma mokweza mawu, osayang'ana kumbuyo. Kunena zoona, kalata zawozo ndinkazidikira.

Tsiku lina ndinapeza amayi anayi atakhala pakhonde la kaofesiko. Ankati n'kachitatu kubwera. Mjigo wa m'mudzi mwawo unafa kalekale, ankatunga kudambo, ndipo okonza sankabwera. Ndinafufuza pa kompyuta, koma mudziwo munalibe. Zinapezeka kuti Aphunzitsi anaona kuti dzina la mudziwo linalembedwa molakwika, ndipo pofuna kulikonza anadina batani lofufuta. Mudzi unapita limodzi ndi mjigo wake ndi dandaulo lake.

Amayiwo akumva, ndinawakalipira Aphunzitsi. Iwo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi kansalu.

"Achimwene," anatero, "chinthuchi munakonzera ine kapena inu?"

"Ndinakonzera ofesi," ndinayankha.

"Ine munthu akafika apa, amangoti mjigo wafa. Basi. Inu mwandiikira zitseko makumi awiri, ndiye mukudabwa kuti ndalowa cholakwika."

Ndinabwerera ku Mitundu manyazi atandigwira. Masiku otsatira ndinakhala ndekha mu ofesi ndikuyang'ana pulogalamuyo, ndipo ndinaona kuti inkasonyeza mmene kompyuta inasanjira zinthu, osati mmene munthu amagwirira ntchito. Ndinayambiranso. Tsamba lodzaza mabatani lija ndinalitsekera kuseri, loti ndizilowamo ndekha. Aphunzitsi ndinawakonzera lawo la m'Chichewa, la mafunso atatu okha: mjigo uti, wavuta chiyani, wanena ndani. Batani lofufuta ndinalichotseratu. Akalakwitsa dzina, ankangolemba lolondola, lakalelo n'kutsala pansi pake.

Nditapita nalo, anayesa kamodzi, kawiri, kenako anaseka.

"Ichi ndiye chikulankhula ngati munthu," anatero.

Mjigo wa amayi aja unakonzedwa sabata yomweyo. Madandaulo anayamba kufika bwinobwino pa disiki imene dalaivala wa bungwe ankabweretsa ku Mitundu Lachisanu. Akuluakulu a bungwe anandiyamikira pa msonkhano.

Koma kalata zija zinasiya kubwera. Unatha mwezi, kenako wina. Dalaivala akafika ndinkamufunsa ngati panali uthenga wanga, iye n'kumati, "Angoti moni, zonse zili bwino." Tsiku lina ndinanamiza abwana kuti ndikukayendera kompyutayo. Ndinapeza Aphunzitsi atatanganidwa, anthu ali pamzere, iwo akulemba ndi zala ziwiri mosakayika. Anandilonjera mwansangala n'kundiuza kuti ndidikire pang'ono. Ndinakhala pa benchi ndikuwaonerera. Mzere sunathe msanga, ndipo ndinaopa kusowa minibasi. Ndinawabayibitsa pawindo, iwo n'kukweza dzanja osasiya kulemba.

Sindinapezenso chifukwa chopitira ku Nathenje. Ndikanatha kungopita Loweruka ngati mlendo wamba, koma nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti munthu amatha kuchezera mnzake popanda chowonongeka choti akakonze. Chaka chotsatira anandisamutsira mumzinda wa Lilongwe, ndipo ndinachoka osawatsanzika. Patapita nthawi ndinakumana ndi dalaivala uja pa depoti. Anandiuza kuti Aphunzitsi anagwira ntchitoyo mpaka maso atayamba kuwavuta, ndipo mtsikana amene analowa m'malo mwawo anamuphunzitsa okha, tsiku limodzi.