Mashelefu Awiri a Mayi Lenia Maganizo

Komiti ya parishi yandipempha kuti ndilembe za moyo wa Mayi Lenia Maganizo, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu. Ine ndine Tedson, mlembi wa komitiyo. Mawu okometsera sindiwatha, choncho ndingolemba zimene ndikudziwa.

Mayi Maganizo anabadwa m'chaka cha 1932 kwa Malengachanzi, m'banja la alimi a mpunga. Ali mtsikana ankalawirira kumunda kukaingitsa mbalame, kenako n'kuthamangira kusukulu ya mishoni matope ali m'miyendo. Wansembe wina ataona kuti anali ndi dzanja labwino polemba, anawaphunzitsa kutaipa. Anakwatiwa mu 1953. Amuna awo anapita ku Joni mu 1961, ndipo chimene chinabwerako ndi sutikesi yokha. Ana anayi anawalera okha. Munthu akawafunsa za nkhaniyi ankangoti, "Ambuye akudziwa kumene anagona."

Mu ofesi ya parishi anagwiramo ntchito zaka zoposa makumi atatu, ndipo mapemphero a m'mawa sankaphonya, ngakhale m'dzinja mtsinje utasefukira. Mu ofesimo munali kabati ya mashelefu awiri. Pamwamba ankaikapo mafomu ochokera kulikulu, ofanana m'maparishi onse, ndipo amenewa sankalola munthu kulembapo ngakhale kadontho. Pansi ankaikapo za parishi yathu yokha, monga mndandanda wa nthambi ndi makalata a komiti. "Za tonse pamwamba, zathu pansi," ankatero. Wansembe aliyense watsopano ankawamva mawu amenewa tsiku loyamba, tiyi asanamwe n'komwe.

Zipani zambiri zitayamba mabungwe anachuluka, ndipo mu 1995 bungwe lina linapatsa maparishi makompyuta osungiramo maubatizo. Yathu anabwera nayo Bambo Ramsey, katswiri wa ku Lilongwe, munthu waulemu koma waphuma. Mayi Maganizo anali ndi zaka 63. Anaphunzira makinawo m'milungu itatu, n'kuyamba kulowetsamo mabuku akale a ubatizo amene chiswe chinali chitawayamba kale.

M'kompyutamo munali fayilo imodzi imene inkauza makinawo kagwiridwe ka ntchito, monga maonekedwe a chikalata cha ubatizo. Fayiloyo inali yofanana m'maparishi onse, ndipo inkabwera kuchokera ku Lilongwe pa disiketi, kachipangizo konyamulira za m'kompyuta. Tsono makinawo ankadziwa nthambi zathu ndi manambala okha, ndiye panafunika malo olembapo kuti 4 ndi Mwadzama, 7 ndi Malengachanzi, 11 ndi Dwambazi, mpaka nthambi zonse 23. Bambo Ramsey anati tilembe m'fayilo yomweyo, chakumapeto kwake.

"Bambo," anatero Mayi Maganizo, "fayilo imeneyi ndi ya maparishi onse, si choncho?"

"Inde, amayi."

"Nanga tsiku limene mudzatumize ina yatsopano, zathuzi zidzalowera kuti?"

"Musadandaule amayi. Kompyuta si kabati."

Tonse amene tinalipo tinaseka, ndipo ine ndinaseka kuposa onse. Mayiwo anamvera, analemba mmene anawauziramo. Koma anakoperanso mndandandawo pa disiketi ina, n'kuilemba kuti "Zathu", n'kuiika pa shelefu ya pansi.

Mu Ogasiti 1997 kunabweradi disiketi yatsopano, pamodzi ndi kalata yoti tiilowetse. Mayi Maganizo anachita monga kalatayo inanenera. Fayilo yatsopano inakhala pamalo pa yakale, mayina a nthambi onse n'kufufutika. Akhristu oposa zikwi zinayi anatsala ndi manambala, osadziwika kumene anabatizidwira. Abishopu ankayembekezeka kubwera pakatha milungu isanu kudzachita mwambo wa chitsimikizo, ndipo ana 60 ankadikira zikalata zawo za ubatizo.

Komiti inakumana. Ambiri anati agogowa adina posayenera. Wina anati, "Paja tinanena ife, makina amenewa si a anthu a nthawi ya atsamunda!" Mayi Maganizo ananena kamodzi kokha kuti mndandanda ulipo m'kabati, ndipo atha kuubwezera. Tinawayankha kuti aononga zokwanira, asakhudzenso makinawo. Kalata yowapumitsa ntchito ndinailemba ine, ndipo ndinakaipereka ndi dzanja langali. Anaiwerenga ataimirira.

"Mwaiwala deti, a Tedson," anatero.

Ndinalemba detilo. Anatembenukira kukabati, kutsegula, kutseka, n'kundipatsa makiyi. M'mawa mwake anali m'tchalitchi pamalo awo a nthawi zonse, benchi lachitatu kumanzere.

Kumsika anthu ankawaloza kuti ndi amene anapha kompyuta ya tchalitchi. Mwana wawo Lenard, amene amagwira ntchito kunzimbe ku Dwangwa, anabwera atalusa, akufuna kuonana ndi komiti. Iwo anamuuza kuti, "Khala pansi iwe. Ine ndinabatizidwa ndisanadziwe taipi." Lenard anabwerera osationa.

Bambo Ramsey anafika patatha milungu itatu, nkhope ili yotopa. Anati zomwezi zachitika m'maparishi onse amene analandira disiketi ija, ndipo kwina anthu akuyenda pa njinga nthambi ndi nthambi kufunsa za manambala. Anafunsa ngati tinasunga mndandanda paliponse. Apo m'pamene ndinakumbukira, ndipo ndinakatenga disiketi ija m'kabati. Ola limodzi lisanathe mayina onse anabwerera.

"Amayi aja ali kuti?" anafunsa.

Ndinawaperekeza. Tinawapeza akuyanika mpunga pabwalo. Bambo Ramsey anavula chipewa nati, "Amayi, munanena zoona. Wolakwa ndine."

"Ana aja alandira zikalata?" anafunsa mayiwo.

"Alandira mawa."

"Basi, zikomo. Khalani pamkekapo, dzuwali laopsa."

Mwezi wotsatira bungwe lija linatumiza lamulo kumaparishi onse. Fayilo ya onse ikhale pamalo ake, ndipo pasakhale wolembamo. Parishi iliyonse ikhale ndi fayilo yakeyake padera, imene disiketi yatsopano siikhudza. Mpaka lero timatsata zomwezo.

Ntchito sitinawabwezere. Tinali titalemba kale munthu wina, ndipo zokawapepesa tinkangoti tidzakambirana pamsonkhano wotsatira. Amene amakonza mndandanda wa zokambirana ndine, ndipo zimenezi zimandichititsa manyazi. Iwo anapitiriza kuchapa nsalu za paguwa Lachisanu lililonse ndi kuyendera odwala. Tikakumana ankandipatsa moni ngati kale, n'kufunsa za ana anga mmodzimmodzi potchula mayina.

Anayamba kufooka mwezi wa Epulo chaka chino cha 1999. Pa 14 Meyi analandira Mgonero m'mawa, anapempha mwana wawo Nester kuti awaimbire nyimbo ya Pasaka, ndipo cha m'ma 11 koloko anatsikira kuli chete ngati munthu wogona tulo. Mulungu awalandire mumtendere.

Sabata yathayi ndinatsegula kabati ija kufuna deti limene anayambira ntchito, kuti ndilembe m'nkhani ino. Detilo sindinalipeze. Ndinapeza kalata yanga yowapumitsa ntchito ija, itaikidwa bwinobwino pakati pa makalata a komiti, motsata madeti. Mayiwo anaiika tsiku lomwe lija pa shelefu ya pansi, pa zathu.