Nsembe pa tinta yaiwisi

Ntchito ya ku ofisina ya Mesitire Jamali, galaja yokonzera magalimoto, ndinaipeza chifukwa cha geti. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku Angonia, ndikugona kwa msuweni wanga ku Chimadzi, mumzinda wa Tete, ndipo ganyu amene ndinapeza anali wopenta geti la mayi wina. Mesitire, mmisiri wamkulu wa galajayo, anadutsa pa njinga yamoto, n'kuima, n'kupalasa chitsulocho ndi chala. Anandifunsa amene anandiphunzitsa kuchotsa dzimbiri lonse ndisanapake utoto. Ndinati bambo anga, amene anaphunzira kupenta zikwangwani ku Malawi nthawi ya nkhondo. Anandiuza kuti ndikafike ku ofisina Lolemba.

Chaka chonse choyamba pistola yopoperera tinta, utoto wa galimoto, sindinaigwire. Changa chinali lisha, pepala lokhwekhwesera lija, kuyambira m'mawa mpaka zala kuchita dzanzi. Kenaka kunabwera galimoto ija.

Anaibweretsa pa lole kuchokera ku Degue. Inali yachimereka, yakale kuposa ine, ya zitseko ziwiri, injini ya masilinda asanu ndi atatu, ndipo kapo yake, chivundikiro cha injinicho, inali yaitali ngati bedi. Nkhuku zinkaikira mazira pa mpando wakumbuyo. Pansi dzimbiri linali litadya moti ukakhala mkati unkaona nthaka. Anaigula ndi Patarau Armando, bwana mwini malole a ku Moatize. Malemu bambo ake ndiwo ankaiyendetsa ali dalaivala wa eni ake nthawi ya Apwitikizi, kuitsuka tsiku ndi tsiku, koma mwana wawo sanaloledwe kukweramo ngakhale kamodzi. Tsopano ankaifuna yofiira, monga ankaionera ali wamng'ono atabisala kuseri kwa mpanda.

Mesitire anatenga injini, ine anandipatsa thupi lonse. "Ikatuluka bwino, pistola ndi yako," anatero. "Ikalakwika, bwerera ku mageti ako."

Ndinathera miyezi inayi pa galimoto imeneyo. Ndinadula zitsulo zowola, kuwotcherera zigamba, kuwongola ndi nyundo, kenaka kupaka masa, phala lotsekera timaenje, mopyapyala kuti asadzang'ambike. Lisha ndinayambira yokhakhala ya oyitenta, nambala 80, mpaka yamadzi yosalala. Zala zinatha mizere moti foni yanga inasiya kundizindikira.

Anthu amaganiza kuti kutentha kwa Tete kumathandiza wopenta. Ndi bodza. Mu Okutobala, ikangokwana naini koloko, tinta imaumira m'malere n'kugwera pa chitsulo ngati mchenga. Choncho umapopera kukangocha, utathira madzi pansi ndi kutchinga mapulasitiki kuti fumbi lisalowe. Verinizi, wonyezimira wapamwamba uja, amauma khungu lokha msanga, koma mkati amakhala wofewa masiku angapo. Aliyense wa ntchitoyi amadziwa zimenezi, ndipo inenso ndinkazidziwa bwino lomwe.

Linali Loweruka. Ndinamaliza verinizi wachitatu dzuwa lisanalume, ndipo ndikayang'ana pa chitseko ndinkadziona mpaka ndevu. Mesitire anaizungulira kawiri osaipezera cholakwa, kumene kwa iye kunali kuyamikira, n'kupita m'tauni kukagula mapaipi a madzi.

Ali komweko kunafika Patarau Armando ndi bambo ake aang'ono, a Chagaka, nkhalamba yovala jekete pa dzuwa limenelo. M'manja anali ndi mbale ya ufa ndi botolo la kachasu. Sindinafunike kuuzidwa, kwathunso timachita: chinthu chachikulu chikalowa m'banja, makolo amauzidwa. Ndinadziwa zimene ufa ndi kachasu zingachite. Koma ndinayang'ana imvi zija, ndinaona patarau atavula chipewa. Ndinangoti tinta ikadali yaiwisi pang'ono, motsitsa, ngati wopempha mchere kwa apongozi. Patarau anagunda m'mphepete mwa chitseko ndi chala n'kunena kuti yauma. Ndipo ine, ndi manja angawa, ndinawakwezera pulasitiki kuti alowe.

A Chagaka anatchula dzina la malemu mkulu wawo n'kulankhula naye m'Chinyungwe, kumuuza kuti galimoto imene ankatsukira eni ake ija yabwera kwa mwana wake. Patarau ankalira. Kenaka nkhalamba inawaza ufa pa kapo, n'kusisita ndi chikhatho, n'kutsanulira kachasu. Ndinaona ufa ukumira mu verinizi. Kachasu anatsetsereka n'kusiya njira yotuwa mpaka pa nyali, ndipo pakati penipeni pa kapo panatsala zala zisanu.

Mesitire atabwera anayang'ana kapo, mbale, botolo, ndipo anamvetsa zonse nthawi yomweyo. Koma malole onse a patarau ankakonzedwa pa ofisina yathu. Anatembenukira kwa ine n'kunena pamaso pa onse kuti Mngoni uyu sanayeze bwino mankhwala oumitsira, n'chifukwa chake tinta yakana kuuma, ndipo Lolemba ndisadzavutike kubwera.

Sindinakwiyepo chotero chibadwire. Ndinakwiyira mesitire, munthu amene anaima pambali panga m'mawa womwewo ine ndikuyeza mankhwalawo. Ndinakwiyira patarau, wodikira galimoto moyo wake wonse koma wolephera kudikira masiku asanu. Ndinatuluka kuseri n'kumenya chitini cha tinta ndi phazi, chala n'kutupa. Ndili komweko ndinaona kuti palibe amene andilankhulire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndinabwerera, sindinayang'ane mesitire, ndinagwada pamaso pa a Chagaka. Ndinawauza mokweza kuti mankhwala ndinayeza bwino, kuti verinizi wa m'mawa womwewo sakhudzidwa ndi dzanja ngakhale la ndani, ndipo kuti ufa ndi kachasu wawo ndi zimene zaononga ntchito yanga ya miyezi inayi. Nkhalamba inatembenuza chikhatho chake, n'kuona chikunata.

"Nanga bwanji sunanene, mwanawe?" anatero. "Mizimu imamwera pansi. Ine ndinathira pamwamba chifukwa iwe unanditsegulira."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa a mesitire, chifukwa anali oona. Kenaka a Chagaka anauza patarau kuti amene anawalitsa galimotoyo poyamba ndi yemweyo aipentenso, ndipo patarau sakanawatsutsa. Mesitire sanapepese, ndipo mpaka lero sanapepesebe. Lolemba ndinangopeza lisha yatsopano pa tebulo langa.

Ndinachotsa kapo, kuipala mpaka pa chitsulo, ndi mbali yonse imene kachasu anadutsa. Zinanditengera milungu itatu, ndipo kufananitsa kufiira kwatsopano ndi kwakale kunandivuta kuposa kupenta galimoto yonse. Nditamaliza ndinakhoma chitseko n'kuika kiyi m'thumba langa masiku asanu. A Chagaka anabweranso, n'kuthira nsembe yawo pansi, patsogolo pa matayala, ine nditaima pakati pa iwo ndi kapo. Anandiseka, amvekere ndasanduka msilikali.

Lero ndili ndi kaofisina kangakanga ku dera la Josina Machel. Aliyense wobweretsa galimoto ndimamufunsa tsiku loyamba ngati kudzabwere ufa, madzi a abusa kapena mapemphero a shehe, ndipo ndimamuonetsa tsiku lake ndi malo ake pansi. Ena amati Mngoni ameneyu alibe ulemu. Anene. Galimoto ija imadutsabe m'tauni Lamulungu, injini ikubangula, anthu n'kumaijambula. Ine ndimayang'ana pakati pa kapo pomwe panali zala zisanu, ndipo mtima umanditenthabe, chifukwa chimene ndinakweza nacho pulasitiki tsiku lija ndinkachitcha ulemu, koma anali mantha.