Kapitawo amene sanatukwanepo munthu

A Goodson Namakhwa ndi mwana wa a Leonard ndi mayi Anesi a ku Chimaliro, amene makolo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique. A Goodson anabereka ana awiri: Mervin, amene anatsikira kulichete ali wamng'ono, ndi Ester.

Asakunamizeni munthu kuti anali waulesi kapena chidakwa. Analowa ntchito pa esiteti akuthyola tiyi, nakwera mpaka ukapitawo, woima pasikelo kuona masamba a anthu. Podziyeza ankayang'ana kapitawo mnzawo, a Winston, amene pakamwa pawo panali ngati pachimbudzi.

"Ine sindinatukwanepo munthu," ankatero. "Funsani aliyense."

Zinali zoona. Koma Ester naye ankathyola m'gulu lawo, ndipo anthu ankanong'ona kuti mwana wa kapitawo dengu lake silifufuzidwa. Tsiku lina lamvula, Ester ali ndi pakati potopa, a Goodson anapisa dzanja m'dengu lake napeza masamba okhwima. A wina aliyense akanangowadutsitsa. A mwana wawo anawakhuthulira pansi, anthu onse akuona, kuti asankhenso. Ester anagwada m'matope mpaka thirakitala yonyamula tiyi inapita. Sabata isanathe anapita padera. Atachira anasamukira ku Bangwe, ndipo kwawo ankangopondako pamaliro.

A Goodson anapuma ntchito, mkazi wawo anamwalira, mutu unachita mbuu. Anayamba kuuza anzawo kutchalitchi kuti kale anali wouma mtima pang'ono, koma ukalamba unawafewetsa. Mbuzi za eni zikadya chinangwa chawo ankangozipirikitsa, osakasuma. Ankakhulupirira kuti Ester akadzaona zimenezi adzabwerera.

Ester anabwera pomanga chiliza cha amayi ake. Anthu atabalalika, anagwada patali kuti atsanzike.

"Khala kaye, mwanawe. Nyumbayi ndi ya amako, ndi yako. Ine si uja unandisiya. Ndinasintha."

"Munasintha, ababa?"

"Funsa anthu. Ngakhale nthawi ija, ukanakhala m'gulu la a Winston ukanamva mawu oti sungawabwereze."

"A Winston akananditukwana n'kundiuza kuti ndizipita kunyumba. Inu simunasinthe, ababa. Anangokulandani sikelo."

Ester sanadzuke. Anadikira, maso pansi, chikwama pamiyendo. Mawu amene ankafuna anali amodzi, ndipo a Goodson ankawadziwa. Anawamva akukwera pakhosi. Anakhosomola, napukuta pakamwa ndi chipewa.

"Komatu, Ester, masamba aja anali okhwimadi."

Ester anasasa fumbi m'maondo.

"Tsalani bwino, ababa."

Anamuyang'ana akutsetsereka kanjira ka pakati pa tiyi mpaka duku lake linabisika. Mawu aja oti "pepa" akadali nawo mpaka lero. Amati adzamupatsa akadzabweranso.