Nyumba ya sukulu imene tinaigwetsa

Pamene ndinkayamba sukulu, kumapeto kwa Chinsapo kunali kumudzi kwenikweni. Pamene lero pali maokala a tchipisi ndi mayunitsi panali minda ya chimanga, ndipo pakati pa mindayo panali sukulu yathu: nyumba imodzi ya zipinda ziwiri, ya njerwa zowotcha ndi malata. Mazenera ake analibe magalasi. Tinkakhala pansi, kope lili pa bondo.

M'kalasi mwathu munali mtsikana wina wodwala khunyu, amene ankakhala ndi amayi ake okha kutsidya kwa dambo. Tsiku limene anagwa koyamba m'kalasi, tonse tinathawira panja. Kunyumba ankatiuza kuti thovu la m'kamwa mwa munthu wa khunyu likakukhudza, nawenso umayamba kugwa. Aphunzitsi athu, abambo aatali ochokera ku Dedza, anangoima pakhomo mpaka iye anadzuka yekha, diresi itanyowa. M'mawa mwake kunabwera azimayi atatu kudzadandaula, amayi anga ali m'gulumo. Aphunzitsi sanafune mikangano. Anamuuza mtsikanayo kuti azikhala pakhonde n'kumamvera phunziro pazenera.

Anakhala pakhondepo zaka ziwiri. Mvula ikamagwa ankabisa kope m'jumbo. Aphunzitsi pochonga ntchito yake sankaligwira kopelo. Iye ankalitsegula pazenera, iwo n'kumalikhudza ndi nsonga ya bolopeni yokha. Koma masamu ankatiposa tonse. Funso likatikanika m'kalasi, yankho linkachokera panja, ndipo aphunzitsi ankatikwapula chifukwa chogonja kwa munthu wa pakhonde.

Ife tinkamubwezera poweruka. Katswiri womutsanzira ndinali ine. Ndinkadzigwetsa pafumbi patsogolo pake, n'kumaphiriphitha, maso nditatembenuza, malovu akutuluka, anzanga akuseka mpaka misozi. Iye ankangondilambalala. Tili sitandade 4 anasiya kubwera, ndipo palibe amene anafunsa.

Patapita zaka zingapo anamanga sukulu yaikulu kufupi ndi msewu wa ku Likuni, yathu ija n'kutsekedwa. Poyamba munkapemphera mpingo wina. Mpingowo utagawanika, munalowa chigayo, ndipo khoma lonse linachita mbuu ndi ufa. Chigayo chitafa, anyamata ankaonetsamo mafilimu a karate. Nthawi imeneyo n'kuti tauni itafika, minda itasanduka mapuloti. Mwini malowo anadula zipinda ziwiri zija kukhala zinayi n'kuikamo anthu a lendi.

Ine ndinali nditasamukira ku Area 25, ndikuyendetsa lole ya mchenga. Tsiku lina alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anandiuza kuti agula puloti ku Chinsapo ndipo akufuna kumangapo mashopu. Anandipempha kuti ndiwaperekeze poti ndine wa komweko. Titafika ndinaizindikira nyumbayo nthawi yomweyo. Anthu a m'zipinda zitatu anali atasamuka kale. M'chipinda chachinayi munali munthu.

Anali atakhala pakhomo akumanga makala m'timajumbo. Tsitsi linali litayamba imvi, dzanja lamanzere lili ndi chipsera chachikulu cha moto. Kumbuyo kwake ndinaona bolodi lathu la simenti likadali pakhoma, atakhomerapo misomali yokolekapo zovala.

"Amayi, tinakuuzani kuti mwezi ukatha muchoke," anatero alamu anga.

"Ndafunafuna, abambo. Eni nyumba akangomva za matenda angawa amati chipinda chatengedwa kale. Kuno anthu anandizolowera."

"Zimenezo si zanga. Lolemba amisiri akubwera."

Kenako mayiyo anandiyang'ana ine, nthawi yaitali ndithu.

"Inu si ana a amayi a pafupi ndi mjigo aja? Tinkaphunzira limodzi mommuno. Munkadziwa kugwa bwino kuposa ine."

Sananene mwaukali. Ananena ngati munthu wokumbutsa mnzake za masewera akale. Alamu anga anatembenuka.

"Mukudziwana?"

"Ayi," ndinatero. "Mwina akundifanizira ndi munthu wina."

Iye anagwedeza mutu pang'ono n'kupitiriza kumanga makala ake.

Lolemba linali tsiku lake lokatenga mankhwala kuchipatala. Alamu anga anali atafunsa kwa anthu oyandikana naye, choncho amisiri anafika iye atangochoka. Anathyola loko, n'kukwera padenga kukazula malata. Katundu wake sanafune kumugwira ndi manja. Mphasa, bulangete ndi mapoto anazikankhira panja ndi fosholo. Lole yonyamula malatawo inali yanga, ndipo ndinali nditakhala pa chiwongolero pamene iye ankatulukira pakona, kabuku kakuchipatala kali m'manja. Anaima n'kuyang'ana nyumba yopanda denga. Anthu anadzaza kudzaonerera, ena akujambula pa foni. Ndinamva mayi wina akuuza ana ake kuti asendere kutali, mwina agwa.

Sanagwe. Anatola zinthu zake chimodzichimodzi, kuzikutumula fumbi, n'kuzimanga m'chitenje. Wakabaza woyamba anakana kumunyamula. Wachiwiri anavomera katundu yekha, iye n'kumatsatira pambuyo wapansi. Ndinaliza injini kuti ndisamve zimene anthu ankanena.

Pofika Lachitatu makoma anali atagwa. Lero pamalopo pali mashopu anayi opaka utoto wachikasu, ndipo imodzi alamu anga anapatsa mkazi wanga kuti azigulitsiramo zitenje. Ndimapitako Loweruka lililonse kukamusiyira katundu.

Chaka chatha mayi wina wogulitsa tomato pafupi ndi shopuyo anandiuza kuti mnzathu uja anakakhala ku Kauma kwa msuweni wake, m'kachipinda kosungiramo nkhuni, ndipo anamwalirira komweko m'nyengo yozizira. Ndinafunsa kuti maliro anali liti, ngati kuti ndikanamva msanga ndikanapita.