Chilonda kuseri kwa khutu

Mng'ono wanga ankabwera kwathu ku Kapata Loweruka masana kuti ndimuluke tsitsi. Amayi kumudzi ku Chipangali ankadziwa kuti mwana wawo amagulitsa zovala za salaula m'tauni. Ine ndinkadziwa kuti amadikira madalaivala a mathiraki pamsewu wa ku Mwami, koma ndinkangosunga pakamwa.

Tsiku lina ndikumuluka pakhonde, anthu ankaimba foni pa wailesi kutsutsana ngati kuloleza uhule mwalamulo kungachepetse nkhanza zimene atsikana amakumana nazo. Amuna anga, omwe ndi mkulu wa mpingo, anali pampando chapafupi, akukalipira wailesiyo ngati ikuwamva.

"Tchimo lipatsidwe laisensi? Mawa mbava nazo zidzafuna ofesi!"

Ine mtima suchedwa kupsa. "Nanga akamenyedwa azikadandaula kuti, abambo? Kwa inu?"

Ndinkayankhula uku ndikukoka tsitsi la mwana wosalakwa, iye atakhala pamkeka pakati pa miyendo yanga. Nditagawa tsitsilo ndi chipeso kuseri kwa khutu, ndinapeza chilonda chachiwisi, chotalika ngati chala.

"Iwe, ichi n'chiyani?" ndinanong'ona.

"Botolo. Ndinakana zomwe dalaivala wina ankafuna."

"Nyamuka, tipite kupolisi."

"Akakandifunsa zomwe ndimachita m'thirakimo, ndikayankhe chiyani, asisi?"

Ndinayamba kukweza mawu kuti amuna anga amve: "Mwaona? Likanakhalapo lamulo..." Koma mng'ono wangayo ananditsina mwendo mpaka ndinadumpha.

"Lamulo lanulo lidzafuna dzina langa ndi chithunzi," anatero motsitsa mawu. "Wolembayo adzapezeka kuti ndi mwana wa kwathu, wopemphera pamodzi ndi amayi. Mukufuna amayi akomoke m'munda wa nshawa?"

Mawu akewo anandipweteka kwambiri. Ndinakwiyira amuna anga, ndinakwiyira dalaivala amene sindidzamuona, ndinakwiyiranso mwanayo pondiphwanyira mfundo yanga. Mpaka lero nkhaniyi ikabuka ndimasowa pokhala. Ndimaima mbali iyi, kenako mbali inayo, konse kukundiotcha.

Amuna anga anazimitsa wailesi n'kulowa m'nyumba, okhutira kuti apambana.

"Lukani, asisi, dzuwa likupita," anatero mng'ono wanga. "Mudutsitse tsitsi pamenepo, pasaoneke."

Ndinatsuka chilondacho ndi madzi amchere, iye osalira ngakhale pang'ono. Kenako ndinaluka. Ndine katswiri poluka ine. Palibe amene anaona kanthu.